Anti Anganile ndi Mpira wa M'mwamba

Ayi Keturah, mlomo wa Ankolo Ephraim sindinaung'ambe dala! Amene wakuuza kuti ndinawamenya ndi bati ya baseball ndi wabodza, bati inali kutali. Ndinawagunda ndi mutu. Dikira kaye, usaseke, uyambe wamva za Anti Anganile, chifukwa nkhani yonseyi ndi yawo.

Ukuwadziwa eti? Afupi aja, amagwira ntchito ndi mami ku care home ya ku Oadby, amakhala kuseri kwathu ku Beaumont Leys konkuno. Aja amawodzera m'tchalitchi nyimbo yoyamba isanathe. Ine chibwerereni ku UK sindinawaonepo ali osatopa. M'mawa basi ya m'tauni, kenako ya ku Oadby, tsiku lonse kunyamula ndi kusambitsa okalamba, madzulo mabasi omwewo. Akabwera kwathu kudzamwa tiyi sakhala pa sofa, amati ndi yotsika, sangadzukenso. Amakhala pa mpando wa kukhitchini, mwendo atauwongola, akusisita bondo. Mawondo awo anatha, aise. Akamakwera masitepe umachita kuwamva akulira.

Nde manijala wawo anawaitana. Akuti Anganile, zonyamula anthuzi mawondo ako sakukwanitsanso, tenga u-senior. Senior ndi amene amagawa ntchito pa shifiti, kupereka mankhwala, kuuza anzake kuti iwe pita uku, iwe pita uko. Zonyamula zimachepa. Akuti ukakana sindikudziwa kuti tikusunga bwanji, undiyankhe Lolemba. Ndipo Anti amafuna kukana! Ndinamva ndekha ali kukhitchini ndi mami.

"Achemwali, pa shifiti yathu ine ndine wamng'ono," anatero Anti. "Ndizikutumani inuyo? Ndiziwatuma amake Chiletso, munthu woti ali ndi zidzukulu? Bola mawondowa athere pomwepo."

Mami anangoti, "Mm, zimavuta," n'kupitiriza kutsuka makapu. Nawonso anali atatopa, analibe mphamvu zomulimbikitsa munthu.

Loweruka lake ndi lomwe kunali braai ya a Malawi ku paki ija iwe unakansela. Usadandaule, poyamba sunaphonye kanthu. Anthu ambiri anali atangoweruka, ena akadali mu yunifomu, ena akugona m'magalimoto zitseko zili pululu. Nyama ikupsa, woitembenuza akuyasamula. Anti anali pa mpando wopinda, mbale ili pamiyendo, maso atatseka pang'ono. Chapafupi nafe panali azibambo ena akupanga practice ya baseball. Ndikukuuza, mpira unathawa kumeneko, ukubwera ngati mwala, molunjika pomwe ana amadyera. Ine ndinangotseka m'maso. Nditatsegula, mpira uli m'dzanja la Anti! Dzanja limodzi, lopanda golovesi, mbale osagwa, nyama osagwa! Kenako anauponya ali chikhalire, unakafikira pachifuwa penipeni pa mwini wake. Ndinakuwa, Keturah, ndinakuwa mpaka mami anandiyang'ana ndi diso lija.

Bambo mwini mpirayo anabwera akuthamanga, dzina lake Azhar, akupepesa uku akufunsa kuti mayi munasewera kuti. Anti akuti, "Ku Karonga." Iye akuti ndi timu ya kuti imeneyo? Ine ndinagwa nacho chiseko.

Ndinawakakamira mpaka anandiuza. Akuti ali ku pulayimale kunabwera mphunzitsi wa ku Japan ndi chikwama chodzaza magolovesi. Bwalo linali la fumbi, ma base, malo omwe othamanga amaimapo, anali matumba a mpunga othiramo mchenga, dzuwa la ku Karonga likuwotcha ngati mbaula. Poti iwo anali afupi kuposa onse, anawaika kukhala catcher, uja amanjuta kumbuyo kwa womenya n'kumawakha mipira yonse yomwe waphonya. Kunjuta masewera onse, zaka ndi zaka. Anandionetsa chala chawo cha kumanja chokhota chija. Ine ndimayesa anabadwa nacho!

"Nde Anti munali katswiri eti? Mumamenya mipira yonse?"

"Katswiri wa kuti," anatero akuyasamula. "Ndinkaphonya kambiri kuposa kumenya. Aliyense amatero, ngakhale odziwa. Ukaphonya umakakhala pansi, nthawi yako ikakwana umadzukanso. Palibe amakufunsa ngati ukufuna. N'chimodzimodzi alamu yanga ya m'mawa."

Azhar ndi anzake atamaliza anatibwereka bati, mpira ndi magolovesi kuti tiyese. Ine ndinazungulira paki yonse kudzutsa anthu. Ena ananditukwana, koma timu ziwiri zinapezeka. Anti sakanatha kunjuta, nde anakhala pa cooler box kumbuyo kwa womenya, akufotokoza malamulo ndi mawu awo otsika aja. Anabwereza chinthu chimodzi. Akuti mpira ukakwera m'mwamba, amene ali pansi pake akuwe kuti "Wanga!" ndipo ena onse apatuke. Tonse tinati tamva.

Anandiika kutali kumapeto kwa bwalo, pafupi ndi Ankolo Ephraim. Ganiza, mkulu wa mpingo, thalauza losita, malaya opisira, golovesi atavala dzanja lolakwika. Womenya anali amake Chiletso. Anaphonya koyamba, anaphonya kachiwiri, akuti mpirawu ndi waung'ono dala. Kachitatu, phaa! Mpira m'mwamba! Iwo anayamba kuthamanga bati ili m'manja, chitenje chikumasuka, anthu akukuwa kuti tayani batiyo mayi!

Mpira uja umabwera kwa ine ndendende. Ndinali pansi pake, golovesi nditatsegula. Nde ndinaona Ankolo akubwera, maso ali kumwamba, osandiona. Ndimadziwa chochita. Mawu anali pakamwa. Koma iwe, ungamukuwire mkulu wa mpingo? Munthu woti akabwera kwathu ndimamupatsa madzi nditagwada? Ukudziwa chomwe chinatuluka? Ndinati, motsitsa, "Pepani Ankolo, ngati n'kotheka, mwina mungandilole..."

Gu! Mutu wanga pamlomo pawo. Tonse pansi. Mpira unagwera pambali, amake Chiletso akuzungulirabe ndi bati yawo.

Ndipo usadzavulale pa braai ya a Malawi, chifukwa aliyense ndi nesi. Anthu omwe amagona m'magalimoto anadzuka onse. Wina akuti pakufunika kusoka, wina akuti ayi ndi ayezi basi, wina akundiwalitsa tochi ya foni m'maso kundifunsa kuti lero ndi lachingati. Ankolo, nawonso nesi, akuyesa kudzifotokozera okha mlomo uli ngati bumbu la buledi. Akuti, "Mwanayu ali ndi ulemu, koma mutu wake ndi wouma."

Kenako tinamva mawu omwe sindinawamvepo akukuwa dzina langa. "Hazel!" Paki yonse inatembenuka. Anti anali ataimirira, akubwera motsimphina. "Ndinati chiyani? Ukuwe! Mpira uli m'mwamba ulibe nthawi ya pepani. Ukanawathyola mano bambowa ndi ulemu wakowo!"

Ine misozi inali pafupi. Ndinati, "Koma Anti, ndi akuluakulu."

Anti anakhala pansi pa udzu pang'onopang'ono, akugwira phewa langa, mpweya uli wefuwefu. Ukali unali utatha kale, kunangotsala kutopa. Akuti mu timu yawo ya ku Karonga munali achimwene awo, a Cuthbert, woyamba kubadwa. Catcher ndi amene amauza anthu poti aime ndi koti aponye, nde tsiku lina anawakuwira achimwene awowo pagulu kuti, "Choka pamenepo iwe!" Atafika kunyumba anakwapulidwa ndi mayi awo, akuti mwana wamkazi wopanda mwambo. Mawa lake ku bwalo anakuwanso, poti mpira unakweranso.

"Kunyumba ndinkawagwadira powapatsa madzi, ku bwalo ndinkawakalipira," anatero Anti. "Anakwiya mwezi wathunthu, kenako anazolowera. Ukakhala chete pomwe ukuona kuti anthu agundana, si ulemu umenewo. Wangodzisungira mbiri yako, wina n'kuvulala."

Mami anali chapafupi, atavula nsapato, mapazi otupa ali pa udzu. Sanadzutse n'komwe mutu. Anangoti, "Nanga ku Oadby kulibe bwalo?"

Anti akuti, "Achemwali, izo ndi zina."

"Zina bwanji? Mwana wanga wamukalipira bwinobwino apa. Tandiyesa ineyo. Ndiwe senior, ine ndafika pa shifiti. Lankhula."

Anti anayang'ana pansi, akuzula udzu. Ine ndimayesa aseka n'kuzisiya. Koma anadzutsa mutu.

"Achemwali, mumanyamula anthu nokha. Simudikira makina onyamulira, simudikira mnzanu, mumati mukuchedwa. Msana wanu ukupweteka, ndimakuonani mukugwira khoma. Tsiku lina mudzagwetsa munthu. Ndikakhala senior ndidzakuletsani, ndipo mukadzabwereza ndidzakanena kwa manijala."

Keturah, nkhope ya mami! Iwo amayembekeza zoti pitani mukapange tiyi wa okalamba, zamasewera. Kenako akuti, "Eh. Kani unali nazo m'mimba." Anaseka pang'ono, koma kuseka kosafika m'maso. Amake Chiletso, akumanga chitenje, akuti, "Ine usandiyambe, Anganile, ndatopa kale." Anthu anaseka, nkhani inathera pomwepo, tinayamba kulongedza. M'basi pobwerera mami ndi Anti anakhala mpando umodzi ngati kale, koma sanalankhulane. Anti anagona mutu uli pawindo.

Lolemba anavomera. Panopa ndi senior, ali ndi makiyi a kabati ya mankhwala m'khosi, ndinawaona ndekha ndipo amawakhala heve! Koma usaganize kuti kunali chikondwerero. Sabata yoyamba yomweyo mami anabwera kunyumba, chikwama pansi, akuti, "Bwana wanga lero wandiletsa kunyamula pamaso pa Rizwana, mwana woti wayamba ntchito dzulodzuloli." Ndinati nanga munatani? Akuti, "Ndinadikira makinawo, nanga n'kutani." Kuyambira pamenepo Anti sanabwerenso kudzamwa tiyi. Mami sawatchula, ine ndikawatchula amandituma kukapukuta mbale.

Dzana ndinakumana nawo pa siteji ya basi pafupi ndi mashopu. Ndinawafunsa za mawondo. Akuti achepako kupweteka, tsopano amagona osadzuka pakati. Koma akuti pa break amadya okha, akalowa m'chipinda chodyera nkhani zimazima. Sanadandaule ayi, anangonena ngati akunena za nyengo. Kenako anandifunsa, "Amako akadali okwiya?"

Ndinati sindikudziwa, chifukwa sindimadziwadi. Koma nditafika kunyumba ndinawauza mami kuti Anti akudya okha. M'mawa wa lero ndapeza kontena ya mandasi pa tebulo, mami akuvala jekete, akuti, "Ukawasiyire abwana anga aja ukamapita ku college. Usanene kuti achokera kwa ine." Ngati kuti ku Beaumont Leys kuli wina amene amathira mandimu m'mandasi! Ndakawasiyira. Anti atsegula, anunkhiza, akuti, "Ukawauze kuti mafuta achuluka," kenako adya awiri ali chiimire pakhomo.

Ankolo mlomo unaphwa, osadandaula, Lamulungu anatsogolera nyimbo bwinobwino, kungoti akandiona amaphimba pakamwa dala. Ndipo tamva izi! Azhar akuti timu yawo ili ndi practice ya atsikana Loweruka lililonse, ndipo Anti akuti akapanda kuikidwa pa shifiti abwera kudzakhala pa cooler box. Ine ndikupita ndithu. Iwe ukwere sitima ya m'mawa ku Loughborough, ndikakudikira pa Clock Tower, tikakwerere limodzi basi. Uvale ma trainer, osati tinsapato tako ta ku tchalitchi tija. Usakanselenso, wamva? Loweruka!