Mabelu a Gancho Pachipata cha Mlongo Wawo

A Gancho ndawadziwa zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zitatu. Tinkaweta limodzi nkhosa kumapiri a Strandzha. Zabwino zawo ndikuzidziwa, zoipa zawonso ndikuzidziwa, ndipo ndinena zonse.

Kwathu kuno nyengo yozizira ikamatha, chipale chofewa chitayamba kusungunuka m'misewu, amuna amavala zikopa za mbuzi, zigoba kumaso ndi mabelu m'chiuno, n'kuyenda khomo ndi khomo kupirikitsa chisanu ndi matenda. Timawatcha akukeri. Malamulo ake ndi awiri: wovala chigoba sayankhula, ndipo khomo la munthu salidumpha. A Gancho atsogolera gululi zaka zambiri. Mabelu awo khumi ndi awiri ndi a nkhosa zawo zomwe, olemera ngati thumba la tirigu.

Chaka china anakangana ndi alamu awo a Penyo, amuna a mlongo wawo a Tota, chifukwa cha mtengo wa maapozi womera m'malire. Tsiku la mabelu a Tota anaima pachipata atanyamula buledi ndi vinyo, monga achitira mayi aliyense. A Gancho atafika pamenepo anangokhotera kwina. Gulu lonse linawatsatira. Inenso ndinali momwemo, ndinatsatira, ndipo sindidziyeretsa.

Mu Epulo chisanu chinabwerera n'kupsereza mphesa za a Penyo. Munda wawo uli m'chigwa, ndipo chisanu chimagona m'zigwa, kaya mabelu alira kaya sanalire. Koma a Tota sanaone choncho. Zaka zinayi sanayankhule ndi mlongo wawo, ndipo tsiku la mabelu chipata ankachitseka ndi tcheni.

A Penyo atamwalira, a Gancho anawapeza a Tota pobwera kumanda.

"Mlongo, ndinalakwa. Ndikali moyo, chipata chako sindidzachidumphanso."

"Muzibwera," anatero a Tota. "Koma muzibwera mutavala chigoba, kuti pakamwa panupo pakhale potseka."

Kuyambira pamenepo, chaka chilichonse a Tota amatsegula chipata n'kuwalalatira mlongo wawo pamaso pa gulu lonse, iwo ali duu m'chigoba. Sanayankhepo ngakhale kamodzi.

Chaka chino a Gancho akwanitsa zaka makumi asanu ndi awiri kudza zisanu ndi chimodzi, ndipo mawondo awatha. Nyumba ya a Tota ili pamwamba pa chitunda, yokhayokha, poti oyandikana nawo onse anasamukira kumzinda wa Burgas. M'mawa wa tsiku la mabelu, ndikuwamanga a Gancho lamba wa mabelu, ndinawauza zoona.

"Achimwene, chotsaniko asanu ndi limodzi. Kapena mukwere thirakitala ya anzathu a Stoyu."

"Chisanu chinathawapo thirakitala?"

"Mukagwera m'matope, ife sitikunyamulani."

"Manga lamba, iwe. Tota amawerenga. Likasowa limodzi adzalengeza mudzi wonse kuti ndamubera theka la mwayi."

Tinayenda makomo onse a kumunsi, dzuwa n'kupendeka. Pachitunda a Gancho anapuma kanayi, atatsamira mpanda, mpweya ukulira m'chigoba. Anzathu anafuna kutsogola kuti akayambe kuvina, ine ndinawaletsa. Chipata chimenecho wofika poyamba ndi mmodzi, a Gancho basi.

A Tota anali atadikira nthawi yaitali, manja atafiira ndi kuzizira.

"Taonani chilombo chathu," anatero. "Kamba akanafika kale n'kubwerera. Chisanu chingaope inu? Chikuchita kukumverani chisoni. Ndiye mungoima pamenepo ngati chitsa, kapena mwabwera kudzagwira ntchito?"

A Gancho analumpha katatu, monga ufunira mwambo. Kachitatu mapazi sanachoke pansi, koma mabelu onse analira, mpaka agalu a kutsidya anayankha. Kenaka a Tota analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi kampando ndi mbale ya maapozi onyala, osungidwa m'udzu chikololereni. Mtengo umene anathyolamo tonse tinaudziwa: wa m'malire uja.

"Khalani pansi musanandifere pakhomo. Chaka chamawa ndidzatsika ndekha kubwalo, mudzandiimbire mabelu komweko."

A Gancho anapukusa chigoba uku ndi uku, mabelu n'kulira pang'ono.

"Makani omwewo," anatero a Tota, akuwaika apozi m'dzanja.

Titatsika, ndikuwavula chigoba, nkhope yawo inali yotuwa ngati phulusa. Anamwa madzi, n'kutsokomola.

"Wamumva? Akuti atsikire kubwalo. Ine ndinalonjeza chipata, osati bwalo."

Mabelu awapachika m'khola, atawapaka mafuta. Sabata yatha ndinawaona a Gancho m'mawa akukwera chitunda chija ndi ndodo, pang'onopang'ono, thumba la mchenga lili kumsana. Akuti akuzoloweza mawondo, poti a Tota akali moyo ndipo chisanu chidzabweranso.