Sola ya Amalume ndi Thandala la Azakhali

Akadzalemba mbiri ya magetsi a dzuwa m'dziko muno, mutu woyamba udzayenera kukhala wa ine, chifukwa ndine amene ndinaweta dzuwa pakati pa Benga ndi Chia. Kunena zoona, inali sola imodzi yokula ngati chitseko cha khola la nkhuku, ndipo inkayatsa mababu awiri ndi wailesi.

Inali nthawi imene matipate anali atangolowa kumene, aliyense akuloledwa kukhala ndi maganizo ake. Ine ndi mayeso a ku koleji tinasiyana maganizo, ndiye ndinabwerera kwa amalume ku Benga ndi sutikesi ndi Chingerezi. Amalume anali ndi golosale pamsewu, ndi munda wa mpunga ku Chia. Sola ija anaigula kwa mzungu wina amene ankabwerera kwawo, pamodzi ndi batire ndi kabuku kake.

"Iwe unaphunzira," anatero amalume. "Ikayaka chaka chonse ukhala m'golosale. Ikakanika, kumunda kukusowa woingitsa mbalame."

Vuto linali limodzi: iyang'ane kuti? Malata anali atsopano, ndipo amalume analamula kuti kalipentala aboole kamodzi kokha. Kabuku kankati kummwera. Amalume ankati kumpoto, kumene Asilamufe timayang'ana poswali, chifukwa chinthu choyang'ana kumeneko sichingasowe madalitso. Kalipentala ankati kummawa, poti dzuwa amaliona yekha likutuluka m'nyanja tsiku lililonse ndipo silinajombepo.

"Zipani zitatu," ndinatero. "Tifunse mwini wake."

Masana ndinazika ndodo pabwalo kuti mthunzi wake utiweruze. Koma unali mwezi wa Okutobala, dzuwa lili paliwombo penipeni. Mthunzi unabisala pansi pa ndodo. Tinauyang'ana atatu, thukuta lili kamukamu.

"Ndiye sayansi yanu yati chiyani, achimwene?" anafunsa kalipentala.

"Yati sivota."

"Inetu misomali yanga siyembekeza. Mawa ndili ku Nkhunga, ndikabwera ndi mvula."

Mtima wanga unali pa kabuku. Kanali ka pepala losalala, kolembedwa ndi anthu amene sanalepherepo mayeso. Ndinapita kuseri kwa nyumba kuti ndikaganize mozama, kutanthauza kuti ndikabisale. Kumeneko ndinapeza azakhali, akazi a amalume, akuyanika chinangwa choviika pathandala.

"Mwathawa chisankho chanu?" anandifunsa.

"Ndikusinkhasinkha, azakhali."

"Sinkhasinkhani uko, mukunditchingira dzuwa."

Ndinasuntha. Pamenepo ndinaona maenje anayi akale mbali ina ya nyumba, pamene panali mitengo ya thandala. Ndinafunsa chifukwa chake amalisuntha.

"Nyengo yozizira, mwera ukayamba, mbali ino dzuwa silifikako. Chinangwa chimachita nkhungu, kondowole n'kuwawasa, amalume anu n'kuyamba ulaliki. Ndiye ndimalipititsa uko." Analoza kumpoto ndi chigongono, manja ali mbee.

"Chaka chilichonse?"

"Kuyambira musanamere mano."

Ndinatsegulanso kabuku kaja. Kumapeto, m'tizilembo ting'onoting'ono, munalembedwa dziko limene kanasindikizidwa, dziko la ku Ulaya. Kwa iwo dzuwa limadutsa kummwera. Kabuku sikananame, kankangolankhula za kwawo. Komabe sindinali wotsimikiza kwathunthu. Miyezi ya mvula dzuwa limapendekerako pang'ono kummwera, ndipo sindinadziwe kuti tidzatayapo zochuluka bwanji. Chimene ndinadziwa n'chakuti batire idzavutika kwambiri m'miyezi ya masiku aafupi, ndipo pa miyezi imeneyo ndinali ndi mboni yoti yaonera zaka makumi awiri ndipo ilibe chipani.

Ndinabwerera pabwalo manja ali kumbuyo.

"Amalume, nditafufuza mozama kayendedwe ka zinthu zakumwamba, ndapeza kuti sayansi ikugwirizana nanu. Kumpoto. Ipendekeke pang'ono pokha."

"Alhamdulillah," anatero amalume. "Sukulu ija sinapite pachabe yonse."

Kalipentala anaboola mabowo anayi a misomali pamalo amodziwo, akung'ung'udza kuti chipani cha kummawa chaberedwa mavoti.

Mvula inabwera n'kupita, mababu akuyaka. Juni atafika ndinkayang'ana batire ija ngati wodwala wa m'chipatala. Mwera unawomba, mitambo inaphimba masiku atatu, wailesi inatsokomola pang'ono, koma sinazime. Ndinakhala m'golosale zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo anthu ochokera mpaka ku Dwangwa ankabwera kudzafunsa injiniya kuti sola zawo ziyang'ane kuti. Ndinkayamba ndayang'ana kumwamba nthawi yaitali, kenako n'kuloza.

Azakhali sanaulule kanthu. Anangondiitana tsiku lina n'kundionetsa sefa yawo yobooka pakati, n'kunena kuti munthu wa sefa yatsopano amaiwala msanga zimene anaona. Ndinakaigula pamsika tsiku lomwelo. Ukatswiri wanga wonse unandidyera makwacha asanu ndi awiri.