Mapu Amene Ndinatumiza Osawatsegula

Ndine mayi woyeza malo, ndipo ndinagumulitsa maziko a sukulu nkudulitsanso mitengo ya munthu wosalakwa. Chimene chimandisautsa nchakuti mpaka lero sindidziwa bwinobwino pamene ndinaphonya. Inu owerenga, makamaka amene mumasunga ntchito pa kompyuta, tamvani zanga.

Kwathu ndi ku Ntcheu, koma ntchito inandifikitsa pa boma la Mchinji. Kampani yathu inandituma ku Kapondo kukayeza malo omangapo mdadada wa makalasi awiri. Ndinayeza, ndinakhoma zikhomo, nkukajambula mapu ku ofesi. Fayiloyo ndinaitcha "Kapondo".

Patatha sabata a komiti ya sukulu anandiimbira. Mayi Nabanda, amasiye amene munda wawo unachita malire ndi sukuluyo, ankadandaula kuti zikhomo zalowa mwawo. Nditapitanso, anandiyendetsa m'malire kundionetsa mzere wa mitengo ya mango imene malemu amuna awo anabzala. Aliyense anavomereza kuti akunena zoona, ndiye ndinasuntha malire. Fayilo yatsopano ndinaitcha "Kapondo womaliza". Kenaka injiniya wathu anati mdadadawo utalikitsidwe pang'ono, ndinakonzanso, nkuitcha "Kapondo womaliza weniweni". Apa mpamene mutu wanga umaima. Kodi pokonza mapu achitatuwa ndinayambira pa mapu oyamba aja kapena achiwiri? Sindikumbukira.

Kumanga kunachedwa miyezi isanu. Mvula inagwa, anthu analima, zikhomo zinazuka. Laputopu yanga inafa, wokonza anasamutsira zonse mu ina, ndipo mafayilo onse anayamba kuonetsa tsiku limodzi. Buku lomwe ndinkalembamo manambala poyeza ndinaliiwala m'galimoto ya kampani, silinaonekenso.

Tsiku lina ndili m'minibasi kupita ku maliro, a Zulu, folomani wathu, anandiimbira. "Madamu, tatitumizirani mapu. Anthu angokhala kuno."

Ndinasankha pa foni fayilo imene dzina lake linkamveka ngati yomaliza, nkutumiza. Sindinaitsegule nkomwe.

A Zulu anayeza ndi tepi kuchokera pa ngodya ya kalasi yakale monga mapu ananenera. Nthawi imeneyo mayi Nabanda anali ku Zambia kodwazika mwana wawo. A komiti ataona nkhwangwa pa mitengo ya mango anangoti mwina tinagwirizananso mwa njira ina ndi eni ake. Pamene mayiwo ankabwerera, anapeza zitsa zinayi ndi konkire itauma m'munda mwawo.

Nditafika sanandilalatire. Anangondiyang'ana nkunena kuti, "Mayi, suja tinayenda limodzi m'malire muno? Nanga zasintha liti?"

Ku ofesi bwana anandiuza kuti nditsegule mapu ovomerezeka, ndipo ndinatsegula onse atatu. Pepala la mapu limene a Zulu anasindikiza silinafanane ndi aliwonse mwa atatuwo: kutalika kwa mdadada kunali kwa achitatu, malire anali a oyamba. Titafufuza pa fulashi yanga yosungiramo mafayilo tinapezanso fayilo yachinayi, "Kapondo womaliza 2", imene sindikumbukira kuti ndinaipanga. Mwina ndine, mwina mnzanga amene ankabwereka fulashiyo, popeza inkangokhala pa desiki. Uthenga umene ndinatumizira a Zulu ndinali nditaufufuta foni itadzaza. Ndinakhala ndikuyang'ana kompyutayo ngati si yanga.

Maziko anagumulidwa. Ana anapitiriza kuphunzirira panja chaka china, ine ndinaimitsidwa ntchito miyezi itatu. Ndinawatengera mayi Nabanda mbande za mango. Anazilandira ndi manja awiri, nkunena motsitsa mawu kuti adzukulu ndiwo adzadye, osati iwo.

Anzanga oyeza ndi omanga, fayilo iliyonse izikhala ndi tsiku m'dzina lake, ndipo lembani penapake chimene chasintha ndi amene wavomereza. Zakale muziike padera, zisamakhale pamodzi ndi zimene zikugwira ntchito. Buku lanu lijambuleni pa foni tsiku lomwelo, ndipo ntchito isamakhale mu laputopu imodzi yokha. Fulashi musamabwereketse. Koma koposa zonse, wina akakufulumizitsani kuti mutumize mapu, muuzeni adikire. Anthu atakhala pansi tsiku limodzi osagwira ntchito, palibe chimene chimaonongeka.