Mpweya wa Mumtsuko wa Amayi

Dzulo ndinalowa m'sitolo ina muno m'Katete, fungo la lubani n'kundigwira pakhosi. Ndinangoima chilili, mtima utabwerera masiku a Chitaganya, ndili kamtsikana kongoyamba kumene kusenza madzi.

Amayi anali atangomwalira. Anandisiyira mtsuko umene anaumba okha, ndipo sindinkalola aliyense kuugwira. M'mawa wina popita kuchitsime, ndinapunthwa pamuzu kuseri kwa sitolo ya amwenye. Phwaa! Mtsuko uja unangotsala mapale.

Ndinalira ngati maliro ayambiranso. Kenaka panatulukira agogo ena achimwenye, a kadontho kofiira pamphumi, nsalu yawo ikununkhira lubani. Anthu ankati iwowa sapemphera kumzikiti ngati anzawo, ndi Ahindu. Ananyonyomala pambali panga n'kutola phale limodzi.

"Mwanawe, munali chiyani mumtsukomu?" anandifunsa m'Chinyanja chawo chopindikapindika.

"Munalibe kanthu, agogo. Mpweya wokha."

"Nanga mpweyawo wasweka?"

Ndinapukusa mutu.

"Makolo athu akale ankati thupi ndi mtsuko. Munthu weniweni ndi mpweya wam'katimo. Mtsuko ukasweka, iye amamasuka, n'kukhala chinthu chimodzi ndi thambo lonseli."

"Ndiye kuti amayi anga ali kuti?"

Agogowo anangogwira dzanja langa, n'kulitambasula, n'kulikweza m'mwamba. Kamphepo kochokera kuphiri kanadutsa pakati pa zala zanga, kofunda ngati munthu akundipumira. Ndinafumbata msangamsanga, n'kuuyamba wa kumudzi dzanja lili chifumbatire pachifuwa.