Ng'ombe za amalume zinkadziwa liwu limodzi

Chinali chaka cha 1971, ndili ndi zaka khumi ndi zinayi. Ndinali nditakhoza Sitandade 8, ndipo kachewere wa m'munda mwathu ku Mlangeni ndiye anali woti andipititse ku sekondale. Anali kale m'matumba. Chinatsala n'kumutsitsira kumsewu waukulu, kumene lole ya wogula inkadikira.

Ngolo inali ya amalume, ndipo ng'ombe anaziphunzitsa okha. Malemu bambo anga ankati ng'ombe iliyonse ikhale ndi dzina lake, liwu lililonse likhale ndi ntchito imodzi: "tiye" ndi tiye, "ima" ndi ima. Ng'ombe zawo ngakhale mwana ankaziyendetsa. Amalume zimenezo ankaziseka. Ng'ombe za amalumewo zonse ziwiri dzina lake linali Iwe, ndipo liwu linali limodzi: "Hiya!" Ponyamuka hiya, poima hiya, pokhota hiya. Kusiyana kwake kunali pakhosi pawo ndi m'kagwiridwe ka chikwapu. Amayi atawapempha kuti andiphunzitse, anayankha kuti, "Mlongo wanga, ng'ombezi zimamva ine. Nanga ine ndikupita kuti?"

Tsiku la lole amalume anadzuka ndi malungo, mano akugundana. Ndinamanga goli ndekha, zala zitauma ndi chisanu. Pachigwa zinayenda bwino, matumba akununkha dothi lonyowa. Pa mtsetse wolowera kumtsinje ngolo inayamba kukankha ng'ombe. Ndinakuwa kuti "Ima!" Sizinamvepo liwu limenelo chibadwire. Ndinakuwa "Hiya!" ndipo zinamva kuti thamangani. Ndinadumpha. Ngolo inagubuduzika pamiyala, goli linathyoka, ng'ombe yakuda inagona mwendo utapindikira kumbuyo. Kachewere ankayandama mumtsinje.

Madzulo amalume ali pamphasa anangoti, "Mwana ameneyu sadziwa kukuwa." Mpaka imfa yawo sananenepo china za tsikulo.

Chandikumbutsa zimenezi ndi mdzukulu wanga Tadala, amene amalemba mapulogalamu a kompyuta ku Lilongwe. Anabwera kudzandiona, koma anangokhala pakhonde akutsonya laputopu. Nditamufunsa anati pulogalamu amaimanga ndi tizigawo totchedwa mafankishoni, ndipo mnzake amene anasiya ntchito anasiya fankishoni imodzi yaitali ngati msewu wa ku Balaka.

"Agogo, dzina lake anangoti 'chita'. Imawerenga mayina, imatumiza mauthenga, imafufutanso zakale. Zam'kati anazitcha a, b, c. Ndikakonza apa, uko kwagwa."

Ndinamufunsa kuti yabwino imakhala yotani. Anati imagwira ntchito imodzi, dzina lake limanena ntchitoyo, imakhala yaifupi yoti uione yonse osatsitsa tsamba, ndipo sisintha zinthu mobisa. Mlendo aiwerenge n'kuimva popanda kuimbira foni mwini wake.

"Ndiye mnzakoyo ankati chiyani?"

"Ankati bola ikugwira, ndipo iye amaimvetsa."

Ine kompyuta sindiidziwa ndipo sindikuifuna, koma munthu ameneyo ndikumudziwa. Amayesa kuti ndi luso anzake akamalephera kugwira chimene iye wagwira. Si luso. Ndi ulesi wosakaniza ndi matama. Ndinauza Tadala kuti fankishoniyo aiduledule, chidutswa chilichonse achipatse dzina lomveka, ngakhale zimutengere sabata. Anaseka, nati bwana wake sakonda kudikira. Ndinati bwanayo sanaonepo ng'ombe ikuphedwa chifukwa cha mwendo.

Masiku ano kachewere amatsika pa njinga zamoto, ana amalamula makina ndi zala. Koma munthu wosungira ntchito pakhosi pake akadalipo, wangovala taye. Kwathu anatidyera izi: matumba khumi ndi awiri, ngolo imodzi, goli limodzi, ng'ombe yakuda, ndi sekondale yanga.