Chaka Chimene Nyanja Inathawa ndi Sekondale

Chimene chimandibwerera ndikatseka maso ndi chilumba cha Chisi chitaima m'malere. Chaka chimenecho nyanja ya Chilwa inathawa, inasiya dothi long'aluka ngati zidendene za mlimi, ndipo dzuwa likafika pamutu kutsogolo kunkaoneka madzi onama, onyezimira, chilumba chija chili pamwamba pake, osakhudza pansi. Mabwato anali gonegone pouma. Mphepo inkabwera ndi fungo la matope owola, la matemba akale, ndi la ndowe zatsopano za ng'ombe zathu.

Ng'ombezo zinali za atsibweni anga, amene anandilera mayi atamwalira. Zinali zochepa, ndipo ankafuna zikhale choncho. Dambo analigawa m'mutu mwawo: mwezi uno tidyetse kuno, uko kupume mpaka udzu ufike m'mawondo. Ndowe tinkatutira kudimba. Pachaka ankagulitsa imodzi yokha, yamphongo yofula, zazikazi osazikhudza. Ankati mwini khola ndi udzu, ng'ombe ndi alendo chabe. Ine zinkanditopetsa, chifukwa anzanga ankangotayira zawo paliponse n'kumakasewera mpira wachikulunga, ine ndili kukhwekhwereza zanga kutali.

Yofula ya chaka chimenecho inali yoyera, ya linunda lopendekeka. Atsibweni anaitcha Sekondale, popeza ndinali mu sitandade eyiti ndipo ndiyo inali yoti inditumize kusukulu ndikakhoza. Mudzi wonse unkadziwa. Amayi kuchitsime ankandiseka kuti taonani mwana wasukulu akukusa sukulu yake. Koma ine sindinkaiona ngati sukulu. Ndinkaichotsa nkhupakupa kuseri kwa makutu, iyo n'kumandinyambita mchere wa thukuta pamkono. Akakowa ankatera pamsana pake, oyera pa choyera, ndipo masana otentha ndinkagona mumthunzi wake, kumvera ikubzikula.

Tsiku lina Sekondale inaona msipu wobiriwira pakati pa nyanja youma ija. Pamwamba dothi linali lolimba, pansi phala. Inamira mpaka m'mimba. Amuna anaikoka ndi zingwe za makoka kuyambira m'mawa, ndipo pomwe inatuluka mwendo unali utathyoka, mpweya ukutuluka mwapatalipatali.

Atsibweni anali ndi mpeni m'thumba, koma sanautulutse. Kwathu kuno mkhristu akafuna kugulitsa nyama, amaitana msilamu kuti azinge, kuti onse adye. Kumsika wa ku Kachulu wogulitsa ankapachika mutu ndi chikopa pamtengo, aliyense aone kuti ng'ombe ndi ya yani, ndipo funso loyamba linali lakuti wazinga ndani. Akanazinga okha atsibweni, theka la msika likanangodutsa.

"Iwe, thamanga ukaitane Che Bwanali," anatero. "Ali kudooko akusoka ukonde. Usakaime ndi munthu panjira."

Sindinaime ndi munthu. Ndinathamanga, kenako ndinayenda, kenako ndinapeza bwato losiyidwa pouma ndipo ndinakhalamo. Mumtima ndinkati bola ndisanafike, mpeni nawonso sufika. Madzi onama aja anabwera pafupi, anazungulira bwato, ndipo ndinamva ngati likuyandama. Ndinaona Sekondale ikuyenda pamwamba pa madziwo, mwendo uli bwinobwino, akakowa ali pamsana, ikulowera ku Chisi. Sindikudziwa kuti ndinakhala nthawi yaitali bwanji. Chithunzithunzi changa chinali chitatalika pomwe ndinadzuka.

Che Bwanali anandikweza pa njinga yawo, akupalasa mwamphamvu, mpeni uli m'nyuzipepala. Titafika anagwada, anatsegula diso la ng'ombe ndi chala, n'kupukusa mutu.

"Achimwene, iyi yapita yokha."

Munthu wina mwa okoka aja anati ikadali yofunda, angodula pakhosi, ku Kachulu adziwa ndani. Che Bwanali anamuyang'ana.

"Ndidziwa ine. Ndipo mawa mudzagula kwa yani, mukadziwa kuti ndimatero?"

Atsibweni anaisenda ng'ombeyo. Nyamayo anagawira amene ankafuna, ulere. Masiku atatu mudzi unanunkhira nyama yowamba, ana milomo ili noninoni, ine osalawa.

Mayeso ndinakhoza, dzina linatuluka. Ndinapempha atsibweni agulitse ina. M'khola munali zazikazi ndi mathole okhaokha, ndipo anati mbewu sitidya, ndidikire chaka chamawa. Chaka chamawacho malo anga anali atapita, nanenso mtima unali utachoka. Nyanja inabwerera, bwato lija mwini wake anadzalitenga.

Lero ndimanyamula katundu pamsika wa Songani. Pali sitolo yogulitsa nyama ya mufiriji, yopanda mutu, yopanda chikopa, palibe wofunsa kuti inadya udzu wa kuti. Anthu akamva kuti ndinalekeza sukulu amandimvera chisoni, amati umphawi. Zachisonizo sindizifuna. Khola la atsibweni lilipobe, dambo lawo ndi lokhalo lobiriwira, pomwe a anzanga aja ndi fumbi, ndipo mdzukulu wawo wina ali fomu thuu ndi yofula ina. Anali olondola, n'chifukwa chake zimawawa. Mpaka lero sanandifunsepo kuti ndinachedwa kuti. Chomwe ndinaphunzira n'chochepa: ng'ombe ija inali kufa ndithu, kaya ndithamange kaya ndikhale. Chimene ndinapulumutsa m'bwato muja ndi maso anga okha.