Ampu ya Bambo ndi Chingwe cha Mlamu Wanga

Kwathu ku Kabwata tinali ndi lamulo limodzi limene tinalidziwa tisanadziwe kuwerenga: ampu ya mavalavu siyatsidwa sipika isanalumikizidwe. Mavalavu ndi timababu tagalasi timene timatentha m'kati mwa ampu ya gitala. Mphamvu yawo imadutsa mu thiransifoma kupita ku sipika, ndipo sipikayo ikasowa, mphamvu imabwerera n'kuwotcha thiransifoma. Ampu zamakono za matiransisita sizisamala zimenezi, mukhoza kuziyatsa zili zokha tsiku lonse. Za mavalavu sizikhululuka.

Bambo anga anachoka ku Mangochi ali mnyamata, n'kuwoloka malire, n'kudzakhala wokonza mawailesi pafupi ndi msika wa Kabwata. Ampu yawo anaipanga okha. Inali yaing'ono, ya mawati khumi ndi asanu, mavalavu awiri otulutsa mawu, sipika imodzi m'bokosi la matabwa a mukwa. Thiransifoma yake anaikulunga ndi manja, waya wopyapyala ngati tsitsi, milungu itatu, akuwerenga chamumtima ndipo ife osaloledwa kuwalankhula. Ankaiimba Lachisanu masana akabwera kuchokera ku mzikiti, motsitsa mawu kuti anzawo opemphera nawo asamve. Mawu ake anali onenepa, ofunda, ndipo ukakanda nsambo mwamphamvu ankasasa pang'ono ngati munthu amene wangodzuka. Atamwalira bambo, benchi yawo ndi ampuyo zinakhala zanga.

Mlamu wanga, mwamuna wa mlongo wanga wamng'ono, ndi wa ku Kopala, kudera la migodi, ndipo amaimba gitala m'bandi ya pamaukwati. Munthu wa pakamwa pokoma, wa nsapato zosongoka. Tsiku lina anabwera kudzabwereka ampu ya bambo, ati yake ya matiransisita yafa ndipo ali ndi phwando ku Chelstone, mbali ina ya tauni. Ndinakana kawiri. Mlongo wanga atandiimbira foni ndinalola, koma ndinamuuza lamulo lija katatu, iye akungogwedeza mutu maso ali pa foni.

Inabwera Lolemba ikununkha vanishi wopserera. Sindinafunikire n'kutsegula komwe. Woimba ng'oma wa m'bandimo anadzandiuza pambuyo pake kuti mlamu anazula sipika ya bambo pofuna kulumikiza masipika ake akuluakulu, koma chingwe chake chinali choduka m'kati. Ataona kuti sikumveka kanthu, m'malo mozimitsa anakweza voliyumu mpaka kumapeto n'kumakwapula gitala, mpaka utsi unatuluka.

Ndinkayembekezera mawu amodzi okha, pepani. Mlamu anaiika pansi pakhomo pa shopu n'kunena kuti, “Ba mulamu, ka amp kanu ni kakudala, kanakalamba. Kafa keka. Vintu ivi vimafa veka.”

Sanalekere pomwepo. Kwa oimba anzake m'tauni monse ankanena kuti ndinam'patsa chinthu chowola dala, kuti ine ndimangodziwa kupukuta fumbi, luso linapita ndi bambo kumanda. Amayi anati ndiisiye nkhaniyo, chibale ndi fupa sichiola. Ndinaisiya pakamwa pokha. Mumtima ndinaisunga bwinobwino, ndipo ndinkaiyendera tsiku lililonse.

Thiransifoma ndinaikulunganso ndekha, kawiri konse. Ampu inayaka, inaimba, ndipo aliyense amene anaimva ankati ili bwino. Koma ine ndinkadziwa. Kusasa kuja kunapita. Bambo sanalembe paliponse kuti anazungulitsa kangati, ndipo waya wawo unali utasungunuka n'kugwirana moti sindikanatha kuwerenga. Ndicho chinthu chokha chimene chinkalankhulabe ndi mawu awo m'nyumba mwathu, ndipo munthu wa nsapato zosongoka anachitseka pakamwa popanda ngakhale kupepesa. Ndinkadana naye, ndipo pa maliro ndi pa maukwati ndinkam'patsa moni ndi manja awiri.

Panapita zaka zinayi. Bandi yake inakula, anasamukira ku Woodlands, kumayadi, ndipo Loweruka lina anandiitana kuti ndikaone ampu yatsopano imene anaitanitsa kunja. Anati ndibwere ndi ya bambo kuti tiziyerekeze. Ndinadziwa kuti akufuna kundichititsa manyazi pamaso pa anzake, koma ndinainyamula, ndinakwera nayo minibasi nditaikumbatira pamiyendo.

Anali ataziyala m'galaja, chitseko chili chotsegula, oimba anzake asanu atakhala pa mipando ya pulasitiki. Kunena zoona chinthucho chinali chokongola. Mawati zana limodzi, mavalavu anayi akuluakulu, mutu wake, mmene muli mavalavuwo ndi thiransifoma, pawokha ndipo bokosi la masipika anayi pawokha, lalitali kufika m'chiuno. Anayamba kutiphunzitsa. Ati ya mawati ochepa ngati yanga imatsamwa msanga, pamene yake imakhala yoyera ngakhale m'bwalo la mpira. Ati sipika imodzi m'bokosi lotsegula kumbuyo ndi ya m'chipinda chogona, masipika anayi m'bokosi lotseka ndiwo amagunda pachifuwa. Zonsezi zinali zoona, anaziloweza bwino pa foni. Sananene kuti ampu ya mawati zana sungaimve kukoma kwake m'galaja osagonthetsa anthu a nyumba zitatu.

Ndinayamba ndine kuimba pa ya bambo. Anthu anagwedeza mitu mwaulemu. Mlamu anati ndi kabwino ka kutchalitchi, akudziwa bwino lomwe kuti ndine Msilamu.

Kenako ndinanyamuka kukaona yake. Munthu wokonza zinthu sayang'ana kutsogolo kumene kuli zonyezimira, amayamba kuzungulira kumbuyo. Chingwe cha sipika chinali cholowa bwino ku mutu. Mbali inayo, yoyenera kulowa ku bokosi la masipika, inali gone pasimenti. Ayenera kuti pokankhira bokosi kukhoma, pulagi inakodwa n'kuzuka.

Mlamu anayatsa switchi yoyamba, ija yotenthetsa mavalavu, n'kunena kuti tidikire mphindi imodzi. Ndiye kuti ndinali ndi mphindi yathunthu. Kuwerama kokha kukanakwana, kapena mawu atatu. Ndinaona mavalavu akufiira pang'onopang'ono kuseri kwa chitsulo chamabowo, ndipo ndinabwerera pa mpando wanga n'kupinda miyendo. Mlongo wanga anali atangolowa ndi thireyi ya matambula, ataima chapakhomo.

Mlamu anayatsa yachiwiri n'kukanda nsambo. Zii. Anayang'ana gitala, anagwedeza chingwe cha gitala, anakandanso. Ndiye anachita zimene ndinkadziwa kuti achita, chifukwa munthu amene sanavomere kulakwa saphunzira kanthu. Anapotokola voliyumu mpaka kumapeto n'kuyamba kukwapula ndi mphamvu zonse, akuseka kuti anzake asaone thukuta. M'kati mwa mutu uja munkamveka kulira kwakung'ono ngati udzudzu, thiransifoma ikuimba yokha. Panamveka kuthetheka, kenako fungo lija. Ndinalikoka ndi mphuno zonse ziwiri, ndipo sindinama, linandikomera.

Anatembenukira kwa ine nkhope itagwa. “Ba mulamu, chachitika n'chani?”

“Yafa yokha,” ndinatero. “Zinthu zimenezi zimafa zokha.”

Woimba ng'oma uja anayang'ana pansi, mapewa akugwedezeka.

Ndinanyamula ampu ya bambo mtima uli mbee. Mlongo wanga anandiperekeza mpaka pageti. Iyenso anakulira pansi pa benchi ija, lamulo lija ankalidziwa ngati ine. Atagwira loko anati, “Achimwene, ndinakuonani mukuyang'ana kumbuyo kuja.” Ndinati nanga mwamuna wake pa Chelstone paja anayang'ana kuti. Mlongo wanga anangoti, “Bambo akanakuwa. Ngakhale ikanakhala ya mdani wawo, akanakuwa.”

Mutu uja uli pa shelefu m'shopu mwanga tsopano, pakuti wokulunga thiransifoma yotere ndi manja amene mlamu akumudziwa ndi ine ndekha. Anaubweretsa yekha, ndipo nthawi imeneyi anati pepani, za Chelstone zomwe. Ndinamuuza kuti waya woyenera ukusowa, chonsecho ndili nawo m'kabati. Sindinamumvere chisoni, ndipo mpaka lero sindikumumvera. Koma kuyambira tsiku limene mlongo wanga ananena mawu aja pageti, ampu ya bambo sindinaiyatsenso. Lachisanu masana ndimangoipukuta fumbi.